Sitolo ya mabuku akaunjika ku Limbe ndi shelefu yake ya masewero a mkwiyo ndi kulipsira

Kufupi ndi msika wa Limbe kuli kasitolo ka mabuku akaunjika komwe makolo ambiri amakafunako mabuku a sukulu, koma chondichititsa kukalemba pano ndi shelefu yam'kati, pomwe eni ake, bambo achikulire omwe kale ankaphunzitsa Chingerezi, anasanjapo masewero akale othera m'tsoka. Bambowa anasanja mabukuwo potsata chimene chimagwetsa mwini nkhani, ndipo mbali yaikulu ya shelefuyo yadzaza ndi mkwiyo ndi kulipsira.

Loyamba pa mzerewo ndi Ajax, sewero la Sophocles. Msilikaliyu apsa mtima chifukwa zida zankhondo za malemu Achilles zapatsidwa kwa Odysseus, ndipo anyamuka usiku kuti akaphe atsogoleri a Agiriki, koma mulungu wamkazi Athena amusokoneza mutu, iye n'kuyamba kupha ng'ombe ndi nkhosa poganiza kuti ndi adani ake. Nzeru zitabwerera, manyazi amukulira mpaka adzigwetsera pa lupanga. Pambali pake pali Othello la Shakespeare, momwe mkulu wa asilikali apha mkazi wake Desdemona chifukwa cha kampango ndi miseche ya Iago. Kuika awiriwa pamodzi n'koyenera, pakuti onse anachita choipa asakuona bwino chimene chinali pamaso pawo.

Pomwe ndikusiyana maganizo ndi eni sitolo ndi pa Medea la Euripides, lomwe linaonetsedwa koyamba ku Athens m'chaka cha 431 Yesu asanabadwe, ndipo iwo analiika m'gulu lomwelo la ochititsidwa khungu ndi ukali. Medea sanachite khungu ayi. Mwamuna wake Jason atamusiya n'kukwatira mwana wa mfumu Creon ya ku Corinth, mayiyu apempha tsiku limodzi lokha asanathamangitsidwe, apangana ndi Aegeus, mfumu ya ku Athens, za malo othawirako, kenaka atumiza kwa mkwatibwi chovala ndi chisoti zopakidwa poizoni kudzera mwa ana ake omwe. Asanaphe ana aamuna awiriwo, avomereza yekha kuti akudziwa kuipa kwa chimene akufuna kuchita, koma mtima wake wamuposa mphamvu. Munthu wokonzeratu njira yothawira si mnzake wa Ajax, ndipo n'chifukwa chake seweroli limaopsa kuposa ena onse pa shelefupo: palibe mulungu kapena wamiseche amene tingamukankhire mlandu. Bambowa anamvetsera mfundoyi mwaulemu, koma bukulo analisiya pomwe linali, ndipo mkangano wotere ndi gawo la zomwe munthu amapindula m'sitoloyi popanda kulipira.

Vuto lalikulu lili pa Oresteia la Aeschylus la m'chaka cha 458 Yesu asanabadwe. Nkhaniyi ili m'masewero atatu: Clytemnestra apha mwamuna wake Agamemnon polipsira imfa ya mwana wawo Iphigenia, Orestes apha mayi ake polipsira bambo ake, ndipo pomaliza Athena akhazikitsa bwalo la milandu lomwe lithetsa kubwezeranako. Sitoloyi ili ndi gawo loyamba lokha, choncho wogula amapita kwawo ndi magazi okhaokha osaona pomwe mlanduwo unathera. Eni sitolo ayenera kuchenjeza ogula za zimenezi ndalama isanatuluke m'thumba.

Mabuku a Hamlet, sewero lina la Shakespeare, alipo ambiri, ndipo ena ali ndi mawu ofotokozera m'munsi mwa tsamba lililonse. Amenewa ndiwo oyenera mphunzitsi amene akukonzekeretsa ana mpikisano wa zisudzo wa ATEM, bungwe lolimbikitsa kaphunzitsidwe ka Chingerezi m'Malawi, makamaka akafuna kuwaonetsa kusiyana kwa anyamata awiri ofuna kulipsira imfa za abambo awo, Hamlet wozengereza ndi Laertes wothamangira lupanga.

Maonekedwe a mabukuwo ndi osakanikirana. Ena masamba awo achita chikasu ndipo amanunkha chinyontho cha dzinja, ena ana a sukulu analembamo ndi bolopeni mpaka m'mphepete monse. Masewero achigiriki ambiri ali m'Chingerezi chakale chofanana ndi cha Baibulo la King James, chomwe chingalefule wophunzira wa fomu 3, motero ndi bwino kuwerenga tsamba limodzi musanagule. Onaninso kumapeto kwa buku, chifukwa ndiko masamba amathothoka msanga, ndipo sewero lotere likasowa masamba omaliza ndiye kuti mwataya ndalama. Mitengo ndi yotsika poyerekeza ndi ya mabuku atsopano m'tauni, kunenerera kumaloledwa, kulipira pa foni kumatheka, ndipo mukabweza buku lili bwino amakulolani kusinthitsa ndi lina powonjezera pang'ono. Loweruka m'mawa mumadzaza makolo, choncho wofuna kucheza ndi bambowa za masewerowa apite mkati mwa sabata masana.