Buku la English Grammar in Use pa Nkhani ya Mayina a Chimodzi, a Zambiri ndi Aunyinji

Ndinagula buku la English Grammar in Use mwana wa mchemwali wanga atandionetsa chimangirizo chake cha Chingerezi chodzaza ndi inki yofiira. Anali atalemba kuti "the advices my uncle gave me", ndipo mphunzitsi anadula chilembo cha s osafotokoza chifukwa. Mwanayo akukonzekera mayeso a MSCE, omwe munthu sangalandire satifiketi yake ngati walephera Chingerezi, choncho sindinafune kuti nkhaniyi ingopita.

Bukuli analemba ndi Raymond Murphy, linatuluka koyamba mu 1985 kudzera ku Cambridge University Press, ndipo limene ndili nalo ndi lachikuto cha buluu lomwe linatuluka mu 2019, lokhala ndi mitu 145. Mutu uliwonse uli pa masamba awiri oyang'anizana: kumanzere kuli kufotokoza, kumanja kuli ntchito yoti wophunzira ayese. Kakonzedwe kameneka n'kabwino kwambiri kwa mwana wowerenga yekha madzulo, chifukwa sayenera kutembenuza tsamba kuti akumbukire lamulo. Pogula muonetsetse kuti mwatenga lokhala ndi mayankho kumapeto, pakuti lilipo linanso lopanda mayankho.

Mitu 69 ndi 70, yokamba za mayina owerengeka ndi osawerengeka, ndi imene inatithandiza pa vuto la "advices". Titakhala pa khonde tsiku lina Loweruka, ndinazindikira kuti mwanayu sanalakwitse chifukwa cha ulesi. M'Chichewa timati malangizo abwino, zipangizo zatsopano, mipando yathyoka, ndipo onsewa ndi mayina a zinthu zambiri, choncho mutu wake unkamuuza kuti advice, equipment ndi furniture ayeneranso kulandira s. Bukuli limasonyeza bwino kuti mawu amenewa Chingerezi chimawaona ngati mulu umodzi wosawerengeka, ndipo ukafuna kutchula chimodzi umanena kuti a piece of advice. Atamaliza ntchito ya kumanja, anabwerera yekha ku chimangirizo chija n'kupezamo "informations" yemwe mphunzitsi sanamuone.

Mutu 79 ndi umene ndimaukonda koposa, ngakhale kuti wapanikiza zinthu zambiri pa tsamba limodzi. Ukufotokoza chifukwa chake trousers ndi scissors amatenga mneni wa zambiri pamene ife timati buluku lang'ambika, komanso chifukwa chake news ndi economics amatenga mneni wa chimodzi ngakhale akuthera ndi s. Pa mawu akuti police sitinavutike, popeza nafenso timati apolisi afika. Pamene panavuta ndi pa mayina aunyinji monga team, government, family ndi committee. Ife timati boma lalengeza, timu yapambana, banja lasamuka, osasintha mgwirizano wa mneni, koma ku Britain munthu akhoza kunena kuti the team are playing well akamaganiza za osewera aliyense payekha, kapena the team is playing well akamaona timuyo ngati chinthu chimodzi. Ku America nthawi zambiri amasankha is, ndipo zimenezi bukuli lazisiya m'zakumapeto, mmene wophunzira wothamanga sangafikemo. Ndikanakonda zikanakhala pa tsamba lomwelo, chifukwa ana athu amamva Chingerezi cha mbali zonse ziwiri pa wailesi ndi pa intaneti.

Zilipo zimene simuzipeza mokwanira. Ngati mwana wanu akusokonezekabe ndi child ndi children, kapena foot ndi feet, buku lomuyenera ndi lachikuto chofiira la wolemba yemweyo, Essential Grammar in Use, lomwe ndi la oyamba kumene. Mndandanda wa mawu monga a herd of cattle kapena a swarm of bees, omwe aphunzitsi a ku pulayimale amakonda kufunsa, si cholinga cha bukuli. Komanso linalembedwera ophunzira a dziko lililonse, kotero ntchito yoyerekeza ndi Chichewa ndi ya kholo kapena mphunzitsi. Ine ndinamufotokozera sheep pogwiritsa ntchito mawu athu akuti nkhosa, omwe sasintha kaya ndi imodzi kaya ndi khumi, ndipo mneni ndi amene amaulula: nkhosa yasowa, nkhosa zasowa. Anamvetsa nthawi yomweyo.

Kwa wophunzira wa Fomu 3 kapena 4, ngakhalenso kwa wogwira ntchito mu ofesi amene amalemba makalata a Chingerezi tsiku ndi tsiku, ndikulimbikitsa kuti agule bukuli. Langa tsopano lili ndi zolemba za pensulo m'mphepete mwa mutu 79, ndipo mwana uja wapempha kuti alitenge kusukulu teremu ikubwerayi.