Njinga yanga ya kaunjika m'misewu yafumbi ya ku Chileka ndi ku Nguludi, italawa chilimwe ndi dzinja lomwe

Nditangogula njinga iyi ndinalonjeza kuti ndidzabweranso kudzakuuzani ikadzalawa fumbi ndi matope omwe. Kwa amene simunaone zoyambazo, ndi njinga ya kaunjika yomwe ndinaipeza ku Limbe, felemu yachitsulo, handulo yopindikira pansi, magiya okwanira, koma matayala okulirapo a mamilimita 40 okhala ndi timano. Ndinati ndi njinga yoyenera munthu wa m'tauni muno amene amafuna kuchoka pa tala Loweruka m'mawa n'kukapuma mphepo yakumudzi. Mawu amenewo sindinawasinthe. Chomwe miyezi yandiphunzitsa n'chakuti kuno njira timasankha poyang'ana mwezi. Msewu umene umakusangalatsa mu Juni ukhoza kukuliza mu Febuluwale.

Tisanamizane, mu Blantyre mulibe pathyathyathya. Mzinda wakhala pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru, ndipo kulikonse kumene ungalowere uyamba wakumana ndi chitunda. Malo ofatsa, okwera pang'ono n'kutsika pang'ono, amayambira kunja kwa tauni.

Kumene ndapitako kwambiri ndi ku Chileka. Kuchoka m'tauni kukafika ku bwalo la ndege ndi makilomita pafupifupi 16, ndipo gawo lalikulu ndi lotsetsereka, chifukwa tauni ili pamwamba kupitirira mamita 1,000 pomwe bwalolo lili chapafupi ndi mamita 780. Popita umamva kukoma. Pobwerera, dzuwa litakwera, mamita onse aja umawalipira ndi miyendo, choncho sungani madzi ndi mphamvu za chitunda chomaliza. Ukangodutsa bwalo la ndege n'kulowera cha kwa Kunthembwe, kapena kukhotera tinjira topita mbali ya Lunzu, dziko limatambasuka. Phiri la Michiru limatsalira kumbuyo, minda ya chimanga ndi nandolo ili uku ndi uku, apo ndi apo mlambe. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti njira zimenezi n'zokoma zedi: dothi lauma koma silinayambe kufumbuka, m'mawa kukuzizira, nandolo akuchita maluwa.

Pofika Seputembala ndi Okutobala nkhani imasintha. Kumeneko n'kotsika, ndiye kumatentha kuposa m'tauni, ndipo mchenga umaunjikana m'malo otsika ndi m'makhwawa ouma. Apa mpamene ndinawayamikira matayala aakulu aja. Ukaphwetsako mpweya pang'ono amayandama pamwamba pa mchenga, pamene tayala lowonda limangozama n'kukugwetsa. Palinso timabampu tating'onoting'ono totsatizana timene magalimoto amasiya pamsewu wafumbi. Timagwedeza manja mpaka zala kuchita dzanzi. Mankhwala ake ndinawaphunzira kwa anthu a makala, amene amakankha kapena kupalasa njinga zosenza matumba kuchokera kumidzi yakutali kubwera m'tauni kusanache. Iwowa sayenda pakati pamsewu. Ali ndi kanjira kawo m'mphepete, kopapatiza ngati lamba, kosalala chifukwa cha matayala awo omwe, ndipo ukakatsata thupi limapumula. Koma kumbukirani kuti kanjirako nkawo. Munthu amene wasenza matumba atatu sangakhote msanga ndipo mabuleki ake sagwira pafupi. Wopanda katundu ndiye apatuke. Ife tikuyenda mosangalala, iwo ali pantchito.

Mvula itayamba mu Novembala ndinkaganiza zoikoleka njinga, koma mbali ya Chileka inandisunga. Mchenga uja ukanyowa umagwirana, msewu n'kulimba. Chovuta ndi mitsinje yokha. Chidutsireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pali timilatho ta m'midzi timene ndinapeza tili tamitengo, ndi malo ena pamene madzi anakumba zigwembe m'mphepete mwa msewu. Madzi akakhala ofiira ndi othamanga, osawoloka. Bwererani, kapena funsani eni mudzi podutsira pena.

Mbali inayo ndi ya ku Chiradzulu. Umatuluka ku Limbe pa msewu wa Midima, kudutsa Bangwe, mpaka pokhotera ku Nguludi. Gawo la tala limeneli sindilikonda, maminibasi ndi malole amakufinya, ndiye ndi bwino kulidutsa m'mamawa. Ukalowa tinjira tadothi ta kuseri kwa mishoni ya Nguludi, kumene kuli chipatala cha St Joseph ndi yunivesite ya Katolika, umaiwala zonsezo. Zitunda zake n'zazifupi, midzi yayandikana, mitengo ya mango ndi nthochi ponseponse, phiri la Chiradzulu likukuyang'ana, ndipo kukayera bwino Mulanje amaoneka chapatali. Ukalimba mtima umakafika ku Mbombwe, ku PIM, mishoni imene John Chilembwe anakhazikitsa mu 1900. Kwa ine iyi ndiyo njira yokongola kuposa zonse, koma ndi ya nyengo youma basi. Dothi lake ndi katondo. Likanyowa limamatirira pa tayala, kudzaza pakati pa tayala ndi felemu mpaka wilo kukana kuzungulira. Tsiku lina mu Febuluwale ndinakhala pansi pa mango n'kumatokosa matope ndi kamtengo, mayi wina wochokera kumunda n'kuima.

“Pepani achimwene, njira iyi mvula ikagwa timayenda wapansi. Dikirani dzuwa liwombe kaye.”

Ananena zoona, pakuti dzuwa litawomba pang'ono pamwamba panauma ndipo ndinadutsa.

Za ku Chigumula mpaka ku Bvumbwe sindinena zambiri. N'kozizira, mu Juni ndi Julayi chiperoni chimakunyowetsa, ndipo zitunda zake n'zazitali kwa munthu wongoyamba kumene. Misewu ya m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi yosamalika, koma ndi ya eni ake, pemphani kaye pageti.

Tsopano njinga yeniyeniyo. Felemu ilibe vuto, ngakhale dzimbiri linayamba kuonekera pamene penti inakalika. Chimene chatha msanga ndi tcheni. Fumbi likasakanikirana ndi oyilo limasanduka phala lokhakhala lomwe limadya tcheni ndi mano a magiya. Chizolowezi chathu chothira oyilo wakuda wa galimoto mpaka kudontha chimangoitana fumbi. Pukutani tcheni ndi kansanza mukafika kunyumba, thirani madontho ochepa, pukutaninso. Marabala a mabuleki anapirira chilimwe chonse koma dzinja linawamaliza, poti matope ofiira amawapala pa limu. Tayala lakumbuyo timano tapakati tatha, lakutsogolo likadalipo.

Vuto lenileni ndi saizi. Mawilo a njinga iyi ndi a saizi yotchedwa 700c, pomwe m'midzi njinga zambiri ndi za mainchesi 26 ndi 28, ndipo machubu amene amapezeka m'maokala ndi a zimenezo. Valavu yake ndi yowonda, mpope wa amakaniko ambiri sulowa. Ndinaziona tayala litaphwa ndi minga chakufupi ndi Lunzu. Bambo wina wokonza njinga pansi pa mtengo anatulutsa chubu, ndi mpope wanga tinapopa, iye n'kuiviika m'beseni la madzi mpaka tinthovu tinaonekera. Anapala pamalopo ndi kachitsulo, kupaka guluu, kuuzira pang'ono, kudula chigamba pa chubu chakale n'kumata, kenako kugogoda ndi chogwirira cha sipanala. Chigamba chimenecho chilipo mpaka lero. Luso lilipo m'njira monsemu, chosowa ndi zipangizo za saizi yanu, choncho chubu chapadera, mpope ndi guluu zisamachoke m'thumba. Komanso chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, matayala abwino a saizi imeneyi akwera mtengo ndipo sapezeka nthawi zonse. Mukaliona pa kaunjika lili ndi timano, gulani, musadikire lanu lithe.

Chakudya sindinyamula chambiri. Pa malo ochitira malonda sipasowa zitumbuwa, nthochi, mbatata yootcha kapena nzimbe, ndipo madzi ndimatunga pa mjigo nditapempha amayi amene ali pamzere. Polowa pakati pa nyumba za anthu chepetsani liwiro, pali ana, nkhuku ndi mbuzi. Belu lokha silikwanira, perekani moni. Ndaona anzathu ena ovala zampikisano akudutsa pamaliro osatsika, masamba ali pamsewu poonekera. Zimandiwawa, chifukwa mawa tonse opalasa timatchedwa amwano. Mukaona masamba, tsikani, vulani chipewa, kankhani njinga mpaka mudutse.

Amene mwakhala mukufunsa ngati njinga yotereyi ndi yogula, ndikuti gulani, bola muonetsetse kuti pakati pa tayala ndi felemu pali mpata wolowa chala. Ngati mukungoyamba, yambirani ku Chileka mwezi wa Meyi kapena Juni, nyamukani isanakwane 6 koloko, ndipo ku Nguludi mudzapite miyendo ikazolowera. Ineyo mwezi uno ndikusintha tcheni ndi tayala lakumbuyo, ndipo ndikufunafuna la mamilimita 45 ngati lingakwane.