Ulendo unali wabwino, koma £20 ya chindapusa sindinapereke

Amene mumakhala ku Manchester ndi madera ozungulira mwina munalandirapo pa WhatsApp nambala ya bambo ena akwathu amene ali ndi Ford Tourneo ya mipando 9. Ndi aja amanyamula anthu opita ku maukwati, ku maliro kapena kokachingamira alendo ku bwalo la ndege la Heathrow. Dzina sinditchula, chifukwa zina zimene ndinene pano si zowakometsa, ndipo munthuyo ali ndi banja loti adyetse. Ife tinawachita hayala anthu 8, ulendo wa ku ukwati ku Croydon, kummwera kwa London, kupita Loweruka m'mamawa n'kubwerera usiku womwewo.

Pa nkhani yoyendetsa ndilibe nawo mlandu. Anati 5 koloko, ndipo 5 koloko isanakwane anali ataima kale pakhomo, zomwe pakati pa ife Amalawi n'zosowa. Galimoto ndi yaukhondo, malamba onse amagwira, ndipo kumbuyo kunalowa masutikesi, mphatso ndi mapoto awiri a mpunga popanda woyangata katundu pamiyendo. Chikwangwani cha khonsolo chosonyeza kuti galimotoyo ndi yololedwa kunyamula anthu olipira chilipo, sindinachite kufunsa. Ambiri amene amachita ntchito imeneyi mwamseri amayendera inshuwalansi ya galimoto ya pakhomo, ndiye tsiku la ngozi mumangoona okha mavuto. Mtengo anatiuziratu: £45 munthu mmodzi, kupita ndi kubwera, mafuta ndi ndalama ya msewu wolipira wa M6 Toll zili momwemo. Ndinafunsa za ULEZ, ndalama ya £12.50 patsiku imene galimoto zotulutsa utsi wambiri zimalipira mu London yense kuyambira mu Ogasiti 2023, iwo anati yawo ndi yatsopano, silipira. Mawu awo enieni anali akuti, "Mukapereka imeneyi basi, palibenso china." Nyimbo zokha ndiye anakweza mopitirira, koma titadandaula anatsitsa.

Zinasokonekera ku Brixton, dera lina la mu London. Mayi ena aakulu m'gulu lathu, amene tonse timangowatchula kuti anti, anaumirira kuti tidzere kumeneko akagule ufa ndi nsomba zouma ku Electric Avenue. A dalaivala anakana poyamba, anati malo oimika kulibe ndipo tichedwa ku tchalitchi. Anti sanagonje. "Achimwene, ingoimani pompa, mphindi ziwiri zokha. Ine ndimagula kuno nthawi zonse." Anaimadi m'mbali mwa Brixton Road, pamizere iwiri yofiira yoonekeratu. Mphindi ziwiri zija zinatalika, kenaka foni inalira kuti thumba la ufa lalemera, a dalaivala n'kutsika kukathandiza. Ife tinatsala m'galimoto tikucheza za madiresi. Pobwera anapeza kathumba kachikasu ka tikiti ya chindapusa katapanikizidwa pa galasi la kutsogolo. Anakachotsa, n'kukaponya m'kabati ya pa dashibodi osakatsegula n'komwe, n'kunena kuti, "Musadandaule, izi ndithana nazo."

Kwa amene simuyendayenda mu London: misewu ya mizere yofiira imayang'aniridwa ndi Transport for London, bungwe loona za mayendedwe mumzindawu, osati makhonsolo. Mizere iwiri yofiira imatanthauza kuti osaima nthawi ina iliyonse, usana kapena usiku. Mzere umodzi umatsatira nthawi zolembedwa pa chikwangwani, ndipo pali timalo tina tojambulidwa pomwe mungaime kapena kutsitsa katundu kwa kanthawi. Chindapusa chake chinakwera mu Januwale 2022 kuchoka pa £130 kufika pa £160, koma mukalipira msanga, pasanathe masiku 14 ngati tikiti yaikidwa pa galimoto, mumangopereka theka, £80. Mukazengereza kwambiri mpaka makalata kumabwera osayankhidwa, imakwera kufika £240. Ndipo lamulo silidziwa za okwera. Amene amamufuna ndi mwini wake wa galimoto, amene dzina lake lili ku DVLA, ofesi ya boma yolembetsako galimoto.

Patatha milungu itatu, m'gulu la pa WhatsApp limene tinatsegulira ulendowo munagwa uthenga. Chithunzi cha tikiti ija, ndipo pansi pake: "Abale, chindapusa chija ndi £160. Tinalipo 8, ndiye aliyense £20. Akaunti ndi yomwe ija." Taonani masamu akewo. Iwo eni ake sanadziwerengere, ndipo £80 yoonjezerayo inabwera chifukwa tikiti inagona m'kabati mpaka masiku 14 anadutsa. Ameneyo si mlandu wa ufa wa anti, ndi mlandu wa munthu wosatsegula makalata.

Gulu linagawikana. Ena anatumiza nthawi yomweyo, ati munthuyo ndi wathu, anatichitira zabwino, £20 si ndalama yodanirana. Mnyamata wina anayankha kuti iye anali mtulo kuyambira ku Birmingham ndipo Brixton sanaione n'komwe. Anti anangokhala chete, ngakhale timizere tiwiri tabuluu tinkaonetsa kuti awerenga.

Ine ndinakana, ndipo ndinawaimbira foni m'malo molemba pagulu. Mfundo yanga ndi yakuti uyu sanali mnzathu wotipatsa lifiti, inali bizinesi. Tinagwirizana mtengo ndipo tinalipira. Mu £45 ija muli mafuta, matayala, nthawi yawo, komanso luso lawo lodziwa poima ndi posayenera kuima. Luso limenelo ndi limene timagula tikasiya basi ya National Express n'kukwera ya munthu. Chiongolero chinali m'manja mwawo, mizere anaiona, ndipo anayamba akana, kusonyeza kuti ankadziwa. Kwathu minibasi ikagwidwa ndi a trafiki chifukwa chonyamula anthu anayi pa mpando wa atatu, kondakitala satembenuka n'kuyamba kutolera ndalama ya chindapusa kwa okwera, ngakhale kuti okwerawo ndi amene anadzipanikiza okha. Amadziwa kuti zimenezo ndi za mwini ntchito.

Koma sindikunena kuti okwera onse ndi oyera. Anti aja anayenera kupereka, ndipo osati £20. Munthu wamkulu akamakuumiriza pamaso pa gulu, iwe uli mwana kwa iye, kukana kumavuta, ndipo tonse tinaleredwa choncho. A dalaivala anagonja chifukwa cha ulemu, osati chifukwa cha umbuli. Amene anagwiritsa ntchito ukulu wake kuti galimoto iime pamalo oletsedwa sangabisale m'gulu tsiku lolipira. Mmene ndikuonera, £80 yoyamba ija akanagawana awiriwo, £40 aliyense, ndipo £80 yachiwiri ndi ya a dalaivala okha. Kugawa mofanana kumaoneka ngati chilungamo chifukwa masamu ake ndi osavuta, koma kwenikweni kumateteza wolakwa. Mnyamata wogona uja amalipira, anti n'kupulumuka ndi £20, ufa uli m'nyumba. Ndipo ndikukhulupirira kuti a dalaivala anasankha njira imeneyi chifukwa kulemba pagulu n'kophweka kusiyana ndi kuimbira mayi aakulu n'kuwauza kuti ali ndi ngongole.

Zikanakhala kuti ndi mnzathu wotitenga ulere, kapena tangosonkherana ya mafuta, ndikanatumiza ndalamayo asanapemphe n'komwe. Munthu wakusungira £45 m'thumba, waononga tsiku lake, ndiye umusiye yekha ndi tikiti? Ayi. Apo si lamulo, ndi manyazi chabe. Komabe ngakhale pamenepo ndimasiyanitsa: chindapusa choimika pamalo amene tonse tinagwirizana ndingathandize, koma cha liwiro kapena chogwira foni akuyendetsa, chimenecho ndi chake, pamodzi ndi mapointi ake pa laisensi.

Pafoni anandimvetsera mwaulemu. Sanakwiye, anangoti, "Achemwali, ndamva, koma nanga anti ndiwayamba bwanji?" Ndinawauza kuti awayambe mmene anatiyambira ife. Sindinachotsedwe m'gulu, ndipo uthenga wa £20 uja unafufutidwa madzulo ake. Amene anali atatumiza kale sanabwezeredwe, ndipo chimenechi ndiye chandiwawa kuposa zonse, chifukwa ambiri mwa iwo ndi ogwira ntchito yosamalira okalamba, amene £20 ndi thukuta la ola lathunthu ndi theka.

Ndingawakwerenso? Inde, makamaka ulendo wa ku bwalo la ndege, poti pa nthawi ndi pa chitetezo ndi odalirika kuposa ambiri. Koma musanapereke dipoziti, alembereni pa WhatsApp kuti mtengowo ukuphatikiza chiyani, ndalama yotsitsira anthu pakhomo la Heathrow ili momwemo kapena ayi, ndipo tikiti ikabwera alipira ndani. Ayankhe molemba. Ndipo ngati m'gulu mwanu muli wofuna kudzera ku Brixton, anene ulendo usanayambe kuti a dalaivala apezeretu malo olipira oimikapo galimoto.