Thumba la madzi pa kapamba: kudikira, kuboola kapena opaleshoni?

Achimwene anga a ku Ndirande atatuluka ku Gulupu, komwe anagonekedwa ndi kutupa kwa kapamba, tinkati zatha. Patangotha mwezi, akangomeza mbamu ziwiri za nsima akhuta, kenako kusanza. Kapamba wake ndi uja wopanga insulin yochepetsa shuga m'magazi, wobisala kuseri kwa chifu, osati amene amatupa ndi malungo. Adokotala anati ndi pseudocyst, madzi a kapamba odikha pamodzi n'kupanga thumba.

Njira yoyamba ndi kudikira. Abale ambiri amaona ngati adokotala akuzengereza, komatu matumba ambiri amaphwa okha. Khoma lake limafunanso masabata 4 mpaka 6 kuti likhwime, ndipo losakhwima silisokeka. Kale ankati lopitirira masentimita 6 lichotsedwe basi. Lero amayang'ana munthuyo: akumva ululu kodi, akusanza, thupi latentha, maso achita chikasu? Ngati palibe, mumapita kunyumba n'kumabwera kudzajambulitsa. Mowa ndiye iwalani.

Njira ina, paipi yoboolera pakhungu kuti madziwo atuluke, ndi yachangu, imathandiza wodwala wofooka amene thumba lake lachita mafinya. Ine sindiikonda. Ngati thumbalo lalumikizana ndi njira ya madzi a kapamba, bowolo limatha kumachucha miyezi, wodwazika n'kutopa ndi kuchapa zitenje.

Pa njira ya endoscopy amalowetsa kamera pakamwa, n'kuboola chifu kuti madziwo azitsikira m'matumbo. Palibe chilonda chapakhungu, ndipo munthu amachira msanga, koma imafuna katswiri ndi zida zake, thumbanso likhale logundana ndi chifu. Funsani msanga ngati ikutheka komwe muli.

Opaleshoni imachita zomwezo pong'amba mimba, kusokerera thumba ku chifu. Mugonera masiku angapo m'wodi, koma thumbalo silibwerera kawirikawiri.

Chimene ndinaphunzira n'chakuti musanasankhe kuboola kulikonse, kujambula kwa ultrasound kokha sikukwana, chifukwa mpweya wa m'matumbo umabisa kapamba. Pamafunika kujambula kwa CT kobaya mankhwala oonetsa mitsempha. Nthawi zina madzi a kapamba amadya mtsempha wa magazi wapafupi mpaka kufufuma. Sizichitikachitika, koma kuboola osadziwa kuti ulipo munthu angathe magazi pomwepo. Wodwala akasanza magazi kapena chimbudzi chikada bii, musadikire tsiku la kiliniki.

Achimwene anadikira masabata 6, thumba osaphwa, kusanza osaleka, ndipo anasankha opaleshoni.