Nyenyezi zitatu, zonse za madala a kuseri kwa shopu

Shopu ya masipeya imeneyi ku Limbe ndikuipatsa nyenyezi zitatu. Akanakhala kuti mnyamata wa pa kauntala ndiye mwini zonse, ngakhale imodzi sindikanaponya.

Galimoto yanga ndi Probox, yomwe ija ya manati anayi pa tayala, ndipo ndimatsika nayo ku Chikwawa ndi ku Nchalo kukasiya katundu m'magolosale. Stud imodzi (bawuti yomangapo nati) ya tayala lakutsogolo kumanzere inali itadyeka ma thread, mizere imene nati imazunguliramo, ndiye ndinati bola ndisinthiretu zonse zinayi, pamodzi ndi ma pad a mabuleki amene anali atayamba kulira. Za mitengo sindinena, nonse mukudziwa mmene masipeya adakwerera chigwetsereni kwacha mu 2023. Mnyamatayo anatulutsa ma stud m'kajumbo kopanda dzina. Nditafunsa ngati ndi a Toyota, anandiyankha maso ali pa foni: "Bigi, stud ndi stud, zonse ndi 12." Anaitana mnzake wa panja, amene anawakhomerera ndi hamala n'kumanga manati ndi makina a mphepo aja. Ma pad nawo anali m'bokosi lolembedwa Japan mbali zonse, koma dzina la kampani osaoneka.

Amene mumayenda msewu wa M1 wotsikira ku Thabwa mukudziwa mmene ulili: makhota okhaokha kuchoka kumtunda kwa Blantyre mpaka kuchigwa cha Shire, mbali ina phiri, mbali ina phompho. Tsikulo kumbuyo kunali zigubu za mafuta ophikira ndi makatoni a sopo. Choyamba kubwera chinali fungo, lija la mabuleki akamapsa. Kenako pedo inayamba kufewa, ukaponda ikupita pansi koma galimoto osamva. Ndisanaganize n'komwe za zimenezo, kutsogolo kumanzere kunayamba gu-gu-gu, ndipo chiwongolero chinkanjenjemera mpaka m'mapewa. Ndinatsitsa giya pa 2, kenako pa L, n'kumakoka handbrake pang'onopang'ono mpaka ndinapeza pamene msewu watambasuka. Miyendo inkachita kugwedezeka potuluka.

Ma stud awiri anali atathyokera m'munsi, manati ake atasowa. Nati yachitatu ndinaitembenuza ndi zala zokha. Tayala lonse, ndi katundu yense uja, zinali pa stud imodzi. Mabowo a rimu anali atakula n'kutalika chammbali, m'mphepete mwake mukuwala chifukwa chokhulana ndi chitsulo. Chidutswa chimodzi chothyoka chinatsalira pa hub, chitsulo chimene tayala limamangidwapo, ndipo ndinachiyang'anitsitsa: theka la pothyokapo linali losalala, lakuda, lokhala ndi timizere tozungulira, theka lina loyera ndi lokhakhala. Ndiye kuti mng'alu unkadya pang'onopang'ono paulendo uliwonse, tsikulo kunangothyoka kotsalako. Makaniko wa ku Chikwawa anabwera pa njinga yamoto ndi ma stud a pa galimoto yophwasula, ndipo katundu anafika dzuwa litalowa.

M'mawa mwake ndinapita ku shopu ndi zidutswa zanga m'thumba. Mnyamata uja sanafunse ngakhale ngati ndavulala. Akuti ndapachika katundu wambiri, akuti chogulidwa sichibwezedwa, n'kuloza kapepala kapakhoma. Mawu anakwera, anthu anayamba kusuzumira. Apa m'pamene kuseri kunatuluka madala ena a ovololo yothimbirira, magalasi ali pamphuno. Anatenga stud yotsala ija, n'kuyesa kulowetsa nati yatsopano ya Toyota ndi dzanja. Inangozungulira pang'ono n'kukana. Anatembenukira kwa mnyamatayo: "Mwanawe, wawagulitsa chiyani bambowa?"

Nkhani yake ndi iyi. N'zoona zonse ndi zonenepa 12 mm, koma kutalikirana kwa ma thread kumasiyana: Toyota imagwiritsa M12 x 1.5 pamene Nissan ndi Subaru ndi M12 x 1.25, ya ma thread othithikana. Anandipatsa za 1.25, manati anga ali a 1.5, ndipo makina a mphepo anangokakamiza. Nati yotero imalimba pa ma thread ophwanyika isanapane rimu bwinobwino. Ukayesa ndi sipana imaoneka yomanga, koma tayala likusewera pansi pake, ndipo kusewera kumeneko n'kumene kumathyola stud. Madalawo anandionetsanso kumutu kwa ma stud ajawo kuti kunalibe chilembo chilichonse. Amene anatulutsa iwo m'kabati anali odindidwa 10.9, kusonyeza kulimba kwa chitsulocho. Anayezanso ndi vernier, kachipangizo koyezera kunenepa kwa chitsulo, pa timano tija timene timaluma mu hub, chifukwa pakachepa stud imazungulira pamodzi ndi nati, pakakula imawononga bowo.

Mkwiyo wanga unayamba kutsika nditaona mmene ankagwirira ntchito. Dzimbiri la pa hub analipala ndi burashi ya waya. Hamala sanaigwire, akuti imapweteka bearing. Stud iliyonse anaikoka ndi nati ndi mawasha mpaka mutu unakhala pansi. Manati anayamba kuwalowetsa ndi dzanja, akuwerenga kuti azungulire kasanu ndi katatu kapena kuposa, zomwe pa thread ya 1.5 ndi 12 mm. Girizi pa ma thread anakana. Anamanga mopingasa, n'kumalizitsa ndi torque wrench, sipana yoyeza kulimba kwa nati, pa 103 Nm, ndipo anandiuza kuti ndikayenda 50 kapena 100 km ndibwerenso adzayesenso. Ndinabweradi, sanandilipiritse. Inu amene mumagula ma alloy a pa msika, funsaninso za manati: rimu yachitsulo imafuna nati ya kamwa losongoka, pamene ma alloy ambiri a Toyota enieni amafuna yafulati yokhala ndi washa. Mukasokoneza, vuto lake ndi lomweli.

Pa mabuleki mnyamata uja anayesanso mwayi, akuti ndigule ma disc oboolaboola a "sport" kuti ndisadzavutikenso pa Thabwa. Madala anangomuyang'ana. Anati ma disc otchipa oterowo amayamba ming'alu pa mabowo pomwepo, ndipo Probox si ya mpikisano. Anayeza ma disc anga n'kufananiza ndi nambala ya MIN TH yodindidwa m'mphepete, yosonyeza malire a kupyapyala kwa disc, anali akadali ndi nyama. Anaika ma pad a Akebono, anakonza ma shoe a m'ma drum akumbuyo amene anali atatalikira, kenako anatsegula kabotolo ka brake fluid. Anali bii ngati tiyi wopanda mkaka. Mafuta amenewa amayamwa chinyezi, ndipo akayamwa amawira msanga: mtundu wa DOT 3 watsopano sayenera kuwira asanafike 205°C, koma wachinyezi malire ake ndi 140°C okha, DOT 4 ndi 230°C ndi 155°C. Akawira mumapangika thovu m'mapaipi, ndiye pedo kupita pansi kuja. Anachotsa onse n'kuthira DOT 4, n'kundichenjeza kuti DOT 5 ndi ya mtundu wina, ya silicone, ndisadzalole munthu kusakaniza. Ma pad atsopano anati ndiwazoloweretse kaye poponda mofatsa kangapo pa msewu woongoka ndisanapite nawo kuphiri, ndipo potsika ndiziyambira pamwamba pomwe ndi giya ya 2, phazi lisamagone pa buleki.

Chikonzereni ndatsika ndi kukwera Thabwa ndi katundu yemweyo. Pedo ndi yolimba mpaka pa mlatho wa Kamuzu, fungo kulibe, chiwongolero chili phee. M'mawa kukazizira ma pad amalira pang'ono poyamba, kenako amasiya.

Koma musaganize kuti tinasiyana tikuseka. Ma stud anasintha ulere, inde, koma ma pad a m'bokosi la Japan aja ndalama yake inapita, ndipo atsopanowa ndinalipira mtengo wonse. Rimu yowonongeka ija anakana kuikhudza, akuti amene anamanga manati si wantchito wawo, chonsecho anamuitana ndi iwo, pakhomo pawo. Ndinakagula ina ndekha. Mnyamata uja mpaka lero sanapepese ndipo akadali pa kauntala, kajumbo kake kali pomwepo. Mukapitako musalankhule naye zambiri, nenani kuti mukufuna madala a kuseri, tengani nati yanu yakale mukayese ndi dzanja musanapereke ndalama, ndipo pa lisiti awalembe kuti M12 x 1.5.