Kabuku kakale ka Keble kamene ndinatola pa mapaundi 4

Guys, ine sindimakonda zogula mabuku akale koma kameneka kanandikoka. Ndinali ku Oxford kukaona mlamu wanga, mvula ikuwaza ija yosatha ya kuno, ndiye ndinangolowa mushopu ina ya mabuku a kaunjika kuti ndibisale basi, osati zogula ayi. M'bokosi la pansi pafupi ndi chitseko ndimomwe ndinakapeza, The Christian Year, ndakatulo za John Keble, kochepa kokwana m'thumba la jekete, mphepete mwa mapepala mopakidwa golide amene wayamba kusuluka.

Bukuli linatuluka koyamba 1827 ndipo mwini wake sanalembepo dzina lake nkomwe, wansembe wa Anglican wodzichepetsa. Anthu analikonda zedi moti lakhala likusindikizidwa kambirimbiri, nchifukwa chake mitengo yake siyikwera, makope ake ali mbwee. Ndiye ngati mukuganiza zogula kuti mudzagulitse mudye phindu iwalani, golide uja asakupusitseni.

Kapangidwe kake ndi kamene kanandigwira mtima. Kamayamba ndi ndakatulo ya m'mawa ndi ya madzulo, kenako kamatsata kalendala ya tchalitchi kuyambira Advent, nyengo yokonzekera Khirisimasi, Lamulungu lililonse ndi ndakatulo yake, pamwamba pali kavesi ka m'Baibulo. Nyimbo ija ya Sun of my soul yomwe ambiri timaiimba madzulo, m'kabukuka ndinapeza kuti ndi chidutswa chabe cha ndakatulo ya madzulo ija, ndipo siyambira pachiyambi, anaidula pakati, ndime zoyambirira zikukamba za dzuwa lomwe langolowa kumene ndi munthu wapaulendo wotopa mumdima. Ndinawerenga nditakhala m'basi yobwerera, ndinangoti haa, zaka zonsezi ndakhala ndikuimba theka.

Tsono zovuta zake ndisabise. Zilembo zake ndi zazing'ono ngati nyerere, popanda magalasi simuona kanthu. Chingerezi chake ndi chakale cha thee ndi thou, ziganizo zina zimazungulira mpaka umaiwala pomwe unayambira, ndipo ndakatulo zina kunena zoona ndi zogonetsa tulo, sizonse zili bwino. Tsiku loyamba ndinafuna kuliwerenga ngati novelo, masamba 30 mutu waa. Silinalembedwere zimenezo, ndi imodzi pa sabata basi, Loweruka usiku kapena Lamulungu m'mawa madzi osamba akuphika.

Langali lilinso ndi fungo la chinyontho, mapepala ali ndi timadontho tofiirira, msana unang'ambika pang'ono ndipo wogulitsa sanandiuze kuti tsamba limodzi cha ku Lent, nyengo yokonzekera Pasaka, linachoka, ndinadzazindikira ndili kunyumba. Zinandinyansa pang'ono koma pa mapaundi 4 ndikadandaula kwa ndani. Pakati pake ndinapezamo kaduwa kouma kophwathalala, kasiya chithunzi chake pa tsamba, sindinakachotse.

Ndimati ndikapatse malume anga a ku Likoma, iwo zachi Anglican zili m'magazi ndipo amadziwa bwino kuti Keble College ya ku Oxford konkuja, yomwe inatsegulidwa 1870, inatchulidwa dzina la munthu yemweyu. Koma maso awo atha, zilembo zimenezi sangaziwerenge, ndiye pano ndimangowawerengera pa WhatsApp Lamulungu madzulo netiweki ikalola, iwo nkumandikonza katchulidwe.