Patatha miyezi khumi: lipoti la katswiri woyeza mtengo wa chithunzi

Papita miyezi khumi kuchokera pamene ndinalipira katswiri kuti andiuze mtengo wa chithunzi cha penti yamafuta chimene malemu azakhali anga anandisiyira, ndipo ngakhale kuti pa nthawiyo ndinkadandaula ndi ndalama zimene ndinatulutsa, lero ndikuona kuti sizinalowe m'madzi.

Poyamba ndinapita kwa bambo wina wogulitsa zithunzi, amene anangochiyang'ana kwa mphindi zochepa, n'kutchula mtengo kwaulere, kenako n'kunena kuti angathe kuchigula tsiku lomwelo. Changu chimenecho n'chimene chinandikayikitsa, chifukwa munthu wofuna kugula katundu sangatchule mtengo woti umupweteke yekha. Mabungwe a akatswiri oyeza mtengo wa katundu monga Appraisers Association of America, lomwe linayamba mu 1949, International Society of Appraisers, komanso RICS ya ku Britain, amaika pa intaneti mayina a mamembala awo, ndipo m'menemo ndinapeza mayi wina amene amatsatira USPAP, malamulo a ku America oyendetsera ntchito yoyeza mtengo wa katundu. Malamulowa amaletsa kuti malipiro a katswiri azikwera kapena kutsika potengera mtengo umene watchula, choncho mayiwa ankalipiritsa pa ola, ndipo ananeneratu kuti sagula zithunzi zimene ayeza.

Atafika, sanayambe n'kuyang'ana kutsogolo ayi. Anachitembenuza n'kukhala nthawi yaitali akuwerenga kapepala kakale kamene kanamatidwa kuseri kwa fulemu, akuyang'ananso misomali ndi nsalu imene chinajambulidwapo. Kenako anatseka makatani n'kuyatsa nyali ya UV, imene kuwala kwake kumaonetsa zimene sizioneka ndi kuwala wamba, ndipo vanishi wakale anawala mobiriwirako, koma pakona ina panaoneka zigamba ziwiri zakuda. Anandifotokozera kuti pamenepo wina anapakapo penti yatsopano kalekale pofuna kukonza, zimene ine sindikanaziona ngakhale nditachiyang'ana chaka chathunthu.

Lipoti linatenga masabata asanu ndi limodzi, ndipo kuchedwa kumeneku ndimakuonabe ngati vuto, makamaka poti sanandichenjeze. Munali mitengo iwiri. Wina unali wa inshuwalansi, kutanthauza ndalama zimene ndingafunike kuti ndigule chithunzi chofanana nacho kwa wogulitsa, ndipo winawo, wotsika kwambiri, unali umene chingagulidwe nawo pa msika, atauwerengera poyerekezera ndi zithunzi zina za wojambula yemweyo zimene zinagulitsidwa pa okushoni. Kunena zoona, mtima wanga unakakamira pa mtengo wapamwambawo, mpaka pamene ndinatumiza zithunzi zake ku kampani ina ya okushoni, yomwe inayankha ndi mtengo woyandikana ndi wotsika uja.

Chimene chinandikwiyitsa poyamba n'chakuti mayi aja anakana kulumbira kuti siginecha imene ili pansi pa chithunzicho ndi yeniyeni. Analemba kuti mtengowo wayimira pa chikhulupiriro chakuti chithunzicho ndi cha wojambulayo, ndipo kutsimikizira zimenezo ndi ntchito ya akatswiri ena. Ndinamvetsa kusamala kwawoko nditakumbukira za Knoedler, nyumba yotchuka yogulitsa zithunzi ku New York, imene inatsekedwa mu 2011 chifukwa cha nkhani ya zithunzi zachinyengo zimene zinapusitsa anthu odziwa bwino ntchitoyi. Anandilangizanso kufufuza ku Art Loss Register ya ku London ngati chithunzicho sichinalembedwepo kuti chinabedwa, ndipo sichinapezekemo.

Mwezi wachisanu ndi chiwiri, chingwe chakuseri chinaduka usiku, chithunzi n'kugwera pa mpando, nsalu n'kung'ambika pang'ono m'munsi. A inshuwalansi anafuna umboni wa mmene chinalili ngoziyi isanachitike, ndipo umboniwo unali kale m'lipoti muja: muyezo wake, zithunzi za kutsogolo ndi kuseri, ngakhalenso zigamba ziwiri zija. Analipira ndalama zokonzera popanda kukangana nane. Mayi aja anandiuza kuti chikabwerako kwa wokonza ndiwaitanenso, popeza chithunzi chimene chinang'ambikapo sichikhalanso pa mtengo wake wakale.